Atelala ndi Shuga Wawo

Bambo anga ndi atelala, ndipo akhala akusoka pakhonde la sitolo ya zitsulo kuyambira ine ndisanabadwe. Malo awo ndi ochepa: makina opalasa ndi phazi, benchi ya makasitomala, galasi long'aluka pakona, ndi chingwe chopachikapo zovala zimene eni ake anaziiwala kalekale. Tepi yoyezera imakhala m'khosi tsiku lonse, moti nthawi zina amakafika nayo kumapemphero osadziwa. Kale anali munthu wathupi lake, wokonda tiyi wotsekemera. Amayi ankakonda kunena kuti bambo sathira shuga m'tiyi, koma amathira tiyi m'shuga.

Chaka china anayamba kuwonda, ndipo poyamba zinawasangalatsa. Ankachepetsa okha mathalauza awo, n'kumadzitembenuza pagalasi.

"Amayi a ana, mwaona? Ndikubwerera ku unyamata."

"Unyamata wanji womwa madzi ngati ng'ombe?" amayi ankayankha choncho.

Zamadzizo zinali zoona. Botolo linkatha asanamalize kusoka malaya amodzi, ndipo ankapita kuseri kukataya madzi pafupipafupi mpaka mwini sitolo anatopa nawo, nawasulira kiyi wawowawo wa kuchimbudzi. Kulowetsa ulusi pasingano kunayambanso kuvuta, koma iwo ankadandaula kuti masingano a masiku ano akumawapanga a timabowo ting'onoting'ono. Masana ankawodzera pamakina, chonsecho atadya bwinobwino.

Tsiku lina amayi atawapititsira chakudya, anaona kaphini katabaya kuphazi kwa bambo. Bambo ankakonda kupalasa makina osavala nsapato, ndiye anaponda kaphiniko osamva chilichonse. Amayi anakazula, koma kachilonda kake kanakana kupola. Apa m'pamene amayi anandiimbira foni.

"Bwera udzawatenge bambo akowa upite nawo kuchipatala. Ine ndikalankhula akumati ndikulongolola, mwina iwe akumvera."

Bambo anavomera, koma njira yonse ankangonena za diresi ya mwini wake imene anaisiya theka. Kuchipatala namwino wina wachikulire anawabaya pachala, nadontheza magazi pakachipangizo. Kenako anatipititsa kukayezetsanso kwina, ndipo zotsatira zitabwera anatikhazika pansi.

"Bambo, muli ndi matenda a shuga."

Bambo anafunsa motsitsa mawu: "Ndiye kuti shuga yense ndinamwa m'tiyi uja anangokhala m'thupimu?"

Namwinoyo anaseka pang'ono. Anati tiyi yekha sangasenze mlandu wonse. Nthawi zambiri matendawa amayenda m'magazi a kumtundu, ndipo kunenepa, msinkhu ndi kukhala pansi tsiku lonse zimawakankhira patsogolo. Anafotokoza kuti zakudya zambiri zimene timadya, ngakhale zosatsekemera ngati buledi ndi mpunga, zikagayidwa zimasanduka shuga, ndipo shugayo ndi amene amapatsa thupi mphamvu. Koma kuti achoke m'magazi alowe m'minofu, pamafunika insulini, imene imapangidwa ndi kachiwalo kotchedwa kapamba, kuseri kwa chifu.

"Kwa inu insuliniyo yachepa, ndipo thupi silikuimveranso bwino," anatero. "Ndiye shuga akungozungulira m'magazi, minofu ili ndi njala. N'chifukwa chake mukufooka. Thupi layamba kudya mafuta ake omwe, ndiko kuwonda mukukunyadiraku. Impso nazo zikuyesetsa kutaya shugayo mumkodzo, ndipo akamatuluka amakoka madzi ambiri. Ludzu lija likuchokera pamenepo."

"Nanga masingano?" ndinafunsa ine, bambo akundiyang'ana cham'mbali.

"Masingano alibe mlandu. Shuga akachuluka amasokoneza maso. Akakhalitsa amawononganso mitsempha, makamaka ya kumapazi, moti munthu amabayidwa osamva, ndipo chilonda chimachedwa kupola."

Bambo anagwedeza mutu ngati akumvetsera kasitomala wovuta. "Ndamva. Ulusi ulipo, nsalu ilipo, phazi likupalasa, koma lamba wa makina wamasuka."

"Ngati mwamva choncho, mwamva bwino," anatero namwino. "Matendawa satheratu, koma munthu amakalamba nawo bwinobwino akamawasamala."

Anawatsuka chilonda, nawapatsa mapiritsi, nawauza masiku obwerera kudzayezetsa. Masabata oyamba kunyumba kunali nkhondo yaing'ono. Bambo ankamwa tiyi wopanda shuga atakwinya nkhope ngati mwana amene akumwa mankhwala. Amayi anachepetsa mpunga m'mbale mwawo n'kuchulutsa masamba ndi nyemba, ndipo bambo ankafunsa ngati m'nyumbamo mwayamba kuwetedwa mbuzi. Tsiku lina amayi anapeza botolo la chakumwa chotsekemera litabisidwa m'thumba la zidutswa za nsalu.

"Ndi la kasitomala," anatero bambo.

"Kasitomala wake ali ndi ndevu ngati zanu, chifukwa ndinamuona akumwa."

Pang'onopang'ono anazolowera. Anasiya kukwera basi popita kuntchito, nayamba kuyenda pansi, ngakhale kuti ankafika mochedwa chifukwa chopatsa moni aliyense panjira. Anagula nsapato zofewa zopalasira makina. Madzulo aliwonse amayi amawayang'ana mapazi, pakati pa zala ndi kuzidendene, kwinaku akukambirana za tsikulo. Amayi amati pazaka zonse za ukwati wawo, ino ndiyo nthawi imene bambo amakhala phee n'kumawamvetsera. Chilonda chinapola, tulo ta masana tinatha, ndipo maso anayambanso kuona bwino shuga atatsika, ngakhale kuti anafunikabe magalasi.

Vuto latsopano linali lakuti bambo anasanduka mlangizi. Aliyense wobwera kudzachepetsa chovala ankapanikizidwa ndi mafunso. Woyamba kugwidwa anali dalaivala wa lole, mnzawo wakalekale, amene anabweretsa jekete lomukulira.

"Achimwene, mwatha chonchi bwanji? Madzi mukumwa kwambiri? Kuseri mukupitako kangati?"

"Atelala, ndabwera kudzachepetsa jekete, osati kudzaulula machimo."

"Jekete likudikirani. Yambani mwakayezetsa."

Dalaivalayo anakana, koma bambo analipachika jeketelo pachingwe n'kunena kuti saligwira mpaka atamva zotsatira. Patapita masiku, mnzawoyo anabwera akuseka kuchokera patali.

"Shuga ndilibe, adokotala inu. Jeketelo si langa, ndinapatsidwa ndi alamu anga, ndipo iwo ndi chimunthu chachikulu. Mukanandifunsa ndikanakuuzani."

Anthu amene anali pabenchi anafa nacho chiseko, ndipo bambo anaseka nawo mpaka kupukuta misozi ndi kansalu.

"Komabe sindinapite pachabe," anapitiriza dalaivalayo atakhala pansi. "Andipeza ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ndayamba kumwa mankhwala. Akuti nanenso ndiziyenda pansi, mchere ndichepetse."

"Ndiye mawa mundipeze pamphambano m'mawa, tiziyendera limodzi," anatero bambo.

Mpaka lero amayenda awiriwiri dalaivalayo akakhala kuti sali paulendo. Amakangana njira yonse kuti wodwala kwambiri ndani, ndipo aliyense amaloza mnzake.