Njuchi za Kutsidya kwa Muloza

Nkhaniyi sindinauzepo munthu, ngakhale ana anga. Kulemba ndinaphunzira ndili kale ndi ndevu, ndiye mundipirire.

Inali nthawi ya chipani chimodzi, nkhondo ili mkati ku Mozambiki. Ine ndinkathyola tiyi pa esiteti ina kufupi ndi Limbuli. Ambiri a ife makolo athu anachokera kutsidya kwa mtsinje wa Muloza, ndipo minda ina inali komweko. Mlongo wanga ankalima chinangwa kumeneko.

Sabata ina anthu amfuti anatentha sitolo pafupi ndi malire. Lachisanu masana a tcheyamani a chipani anatiitanitsa pashedi yoyezera tiyi. Anati kuyambira tsiku limenelo mawu oti zigawenga asamvekenso pakamwa pa munthu. Dziko lathu ndi lamtendere, anatero, ndipo wofalitsa mantha akugwirira ntchito adaniwo.

Ine ndinavomereza, ndipo osati chifukwa cha mantha okha. Ndinali nditaona anthu akuthawa m'nyumba, mwana mpaka kuthyoka mwendo, chifukwa cha bodza la munthu woledzera.

Alamu anga, amuna a mlongo wangayo, anaimirira.

"A tcheyamani, pepani. Dzulo ndawaona ndi maso angawa panjira ya kuminda. Nanga akazi athu tiziwauza kuti kuli chiyani?"

"Mwaona chiyani, bambo?"

"Chomwe mwaletsacho."

Ena anaseka, koma kuseka kwake kunatha msanga.

"Muziti kuli njuchi," anatero a tcheyamani.

"Njuchi zonyamula mfuti? Mukatitseka pakamwa, iwowo sachoka ayi. Angotipeza tili chete."

Ine ndi amene ndinawakoka malaya. "Alamu, khalani pansi. Mphekesera nazo zimapha."

"Si mphekesera, alamu. Ndi mlongo wanu amene akupita mawa."

Kenaka alamuwo anawatchula mawu oletsedwa aja mokweza, kawiri. Msonkhano usanathe, anyamata a chipani anawakweza galimoto ya ku Boma. A tcheyamani anayang'ana nkhope zathu mmodzimmodzi. Anthu anawomba m'manja. Inenso ndinawomba.

Madzulo ndinapeza mlongo wanga akunola khasu pakhonde. Za amuna ake anali atamva, koma chifukwa chake panalibe amene analimba mtima kumuuza. Anati mawa alawirira kukakumba chinangwa, apeze chowatengera kupolisi. Nyumba za kampani zinali zogundana, ndipo khomo loyandikana nalo linali la mphwake wa a tcheyamani. Linali lotsegula.

"Usapite," ndinatero. "Kutsidya kuli njuchi."

"Njuchi? Achimwene, mwakula ndi mantha! Nditenga udzu ndikazifukize."

"Si njuchi zimenezo. Ndi zikuluzikulu."

"Ndiye uchi wake ukhala wambiri. Ndikubweretserani."

Ndinamuyang'ana, mawu aja ali pa lilime. Khomo lija linalira pang'ono. Ndinangoti ugone bwino.

Mmawa, anthu asanayambe kutuluka, ndinapita pakhonde pake. Ndinatenga khasu lija ndi dengu lake, ndinatsika nazo kumtsinje n'kuziponya pamadzi akuya. Pobwerera ndinamumva akutukwana wakuba, mzere wonse wa nyumba ukumvetsera. Ndinadutsa ndi dengu langa la tiyi kumsana, ndinamupatsa moni, n'kupita kuntchito.