Chilimwe Chimene Tinkafunafuna Kazinjaki

Fungo la anyezi, nyama ya ng'ombe ndi tsabola wakuda zikupsera pamodzi mu uvuni limandibwezerabe m'khitchini yopanikiza ya ku Lozells, mumzinda wa Birmingham, m'nyumba ya njerwa zofiira yogundana ndi zinzake mbali zonse ziwiri. Chakudyacho kwathu tinkachitcha pasite. Amayi ankakanda ufa wa tirigu ndi mafuta, n'kuupapatiza ndi botolo la mkaka, n'kuyalapo mbatata ya kachewere yodula mopyapyala, nyama ndi anyezi. Kenaka ankapinda pakati n'kupotokola m'mphepete ndi chala chachikulu mpaka mphepeteyo ioneke ngati chingwe. Ine ndinkayesa kuti ndi chakudya cha ku Mulanje, poti amayi anaphunzira kwa abambo awo, ndipo abambo awowo anaphunzira kwa amayi awo. Sindinkadziwa kuti mabanja ena a ku Mulanje sanachilaweko n'komwe.

Chilimwe chimenecho ndinali ndi zaka khumi. Sukulu zinali zitatsekera, dzuwa linkachedwa kulowa, ndipo phula la mumsewu linkafewa n'kumamata kunsi kwa nsapato. Zitseko zakuseri zinkakhala zotsegula tsiku lonse, moti mawayilesi a nyumba zisanu ankamveka nthawi imodzi. Amayi anali namwino pa chipatala cha ku Bordesley Green. Ankafika kunyumba mapazi atatupa, akununkha mankhwala otsukira pansi, koma sankakhala pampando asanaone ngati pakhomo pagwa kalata.

Kalata imene inayambitsa zonse inali ya buluu, ya pandege, yochokera kwa amalume a Fulanki. Ndili nayo mpaka lero. Agogo anga aamuna, a Yohane Tilimeni Kazinjaki, anali atamwalira chaka chathacho, ndipo abale anapangana zomanga chiliza anthu akatha kukolola. Amalume analemba kuti: "Achemwali, inu muli komweko kwa azungu. Bambo anapita asakudziwa kalembedwe kenikeni ka dzina la abambo awo, ndipo zinkawapweteka. Mmisiri wozokota pamwala atidikira mpaka kumapeto kwa Ogasiti. Tipezereni dzinalo."

Zimene banja lathu linkadziwa zinali zochepa. Mzungu wina anachokera ku migodi ya ku Joni kudzakonza makina pa esiteti ya tiyi m'tsinde mwa phiri. Anakhala ndi mayi wina dzina lake Nangondo, ndipo anabereka naye mwana wamwamuna. Mwanayo ali ndi zaka zinayi, mzunguyo anayamba kutsokomola, nati akupita kwawo kukalandira mankhwala. Sanabwererenso. Azungu anzake ankamuitana kuti Kazinjaki, antchito nawo anatengera, ndipo mphunzitsi wa ku mishoni analemba mwanayo m'kaundula ndi dzina lomwelo. Dzina lakuti Tilimeni anthu onse ankati anamupatsa ndi Nangondo, poti anatsala yekha ndi munda ndi khasu.

Amayi anaganiza monga namwino. Pa chipatala mayina a odwala ankalembedwa moyamba ndi la bambo, la munthu pambuyo. Choncho Kazinjaki anayenera kukhala Cousins, Jack. Anagula mapepala a kaboni ndi maenivelopu, ndipo ine anandipatsa chitini cha mabisiketi kuti ndizisungamo kope ya kalata iliyonse. Masiku amene sanali pa ntchito tinkakwera basi kupita ku laibulale ya mumzinda, kumene kunkanunkha polishi ndi fumbi la mabuku. Ine ndinkatsata ndi chala mayina onse a Cousins m'mabuku a manambala a foni, amayi n'kumakopera. Tinatumiza makalata makumi awiri ndi atatu. Ndawawerenganso m'mawa uno, ndi omwewo.

Ambiri sanayankhe. Ofesi ina yosunga zolembedwa inayankha mizere inayi, ndipo mzere wachitatu unkati mayina osungidwa pakamwa ndi anthu a m'mayiko ngati amenewo sakhala odalirika. Amene anasaina kalatayo sanatione nkhope, sanafunse kanthu, komabe anadziwa kale kuti ndife osadalirika. Zaka zonsezi kalatayo ndimaisunga pamwamba penipeni, ndipo ndikaiona mtima umanditenthabe ngati yafika dzulo.

Kenaka kunabwera yankho lochokera ku tauni ya Nuneaton. Bambo wina wa banja la Cousins analemba kuti amalume ake a Jack anapitadi ku Africa, ndipo tikhoza kukacheza. Amayi anasita diresi lawo la kutchalitchi, ine anandiluka tsitsi mpaka mutu kuwawa, ndipo anakulunga mapasite anayi m'kansalu kuti ikhale mphatso. M'sitima munkatentha, mipando inkayabwa kumiyendo. Titagogoda, bamboyo anatsegula akumwetulira. Anayang'ana amayi, anayang'ana ine, kumwetulira kuja n'kuzima.

"Amalume anga anali munthu wopemphera," anatero, n'kutseka chitseko.

Amayi anaima pakhomopo kanthawi, msana uli chilili. Kenaka tinabwerera ku siteshoni, tinakhala pa benchi, ndipo anamasula kansalu kaja.

"Idya, Agnesi. Mawa tilemba ena."

Ogasiti anali atayamba pamene Mayi Hocking analowa m'nkhaniyi. Anali mzungu wamasiye wokhala kuseri kwa khoma lathu, wamfupi, woyenda ndi ndodo, ndipo kwa zaka zitatu tinkangopatsana moni poyanika zovala. Loweruka lina amayi akutulutsa mapasite mu uvuni, tinamva mawu pakhoma akufunsa kuti ndani akuphika zimenezo. Amayi anawaitana kuti alowe. Gogoyo ananyamula pasite imodzi ngakhale inali yamoto, anaitembenuza, n'kuyendetsa chala pa chingwe cha m'mphepete chija. Ananyema, ananunkhiza.

"Amene anakuphunzitsani anali wa kwathu ku Cornwall, kumwera chakumadzulo kwa dziko lino," anatero. "Koma swede ali kuti?" Ankanena muzu wina wachikasu umene kwawo sausiya m'pasite.

"Ku Mulanje swede samera, mayi."

"Ndiye ndakukhululukirani. Anali ndani?"

Amayi anafotokoza zonse, za makina a tiyi, za chifuwa, za chiliza, ndipo pomaliza anatchula dzina lija mmene tinkalitchulira kwathu. Mayi Hocking anawapempha kuti abwereze. Atabwereza, gogoyo anaseka mpaka misozi, koma ataona nkhope ya amayi anasiya mwadzidzidzi n'kukhala pansi. Anatiuza kuti migodi ya kwawo itayamba kutsekedwa, amuna anabalalika dziko lonse lapansi kukakumba kwina. Kulikonse kumene ankafika, bwana akati akufuna munthu wina wantchito, iwo ankati kwathu ndili ndi msuweni wanga Jack. Choncho mwamuna aliyense wa ku Cornwall wogwira ntchito kunja ankatchedwa Cousin Jack. Abambo awo omwe anali Cousin Jack, alongo awonso.

"Si dzina la munthu, mwana wanga," anatero motsitsa mawu. "Ndi dzina la onse."

Dzina limenelo linali pa satifiketi ya amayi ya unamwino, yopachikidwa pabalaza m'felemu. Linali dzina limene agogo anayankhira moyo wawo wonse. Ndinaona amayi akupukuta manja pa epuloni nthawi yaitali ngakhale manjawo anali ouma. Mapasite ankazizira patebulo, ntchentche imodzi ikuzungulira. Kunali kutatsala masabata atatu, ndipo makalata onse a m'chitini changa anali ofunafuna munthu amene sanakhaleko.

Mayi Hocking anafunsa ngati agogo analibe dzina lina. Amayi anati analipo awiri, Yohane la ubatizo ndi Tilimeni, koma lachiwirilo ndi Chichewa chenicheni, lonena za kulima. Analitchula bwinobwino, chilembo chilichonse pamalo pake, ndipo gogoyo anangopukusa mutu. Pamenepo ine, pofuna kuthandiza, ndinalibwereza. Chichewa changa chinali cha mwana wokulira ku Birmingham, chomeza zilembo, chimene amayi ankandikalipira nacho tsiku ndi tsiku. Dzinalo linatuluka lopunduka, la maphatikizo awiri okha, ndipo l uja anamveka ngati r.

Mayi Hocking anagunda ndodo pansi.

"Tremain," anatero. "Mwanayu wanena Tremain. Kwathu aliko ambiri."

Amayi analinena dzinalo pang'onopang'ono, kenaka ananena lathu lija, kenaka la Chingerezi lija kachiwiri. Tilimeni. Tremain. Anandiyang'ana ngati akundiona koyamba.

"Kamwa yako yoipayo," anatero.

Tsiku lomwelo Mayi Hocking analembera msuweni wawo wa kufupi ndi Redruth, ku Cornwall komweko, amene ankadziwana ndi mkulu wosunga mabuku a tchalitchi chawo. Masabata awiri otsatirawo ndinkakhala pa sitepe ya pakhomo m'mawa uliwonse, njerwa zikutentha kale, kudikira wamakalata. Envelopu itafika inali yonenepa. Inachokera kwa mayi wina, mdzukulu wa munthu amene tinkamufunayo, ndipo munali pepala lalikulu lojambulidwa mizere ndi rula. Pamwamba panali Richard Tremain, wokumba mgodi. Pansi pake Richard wina, wokumbanso mgodi. Pansi pa ameneyo panali Silas, woyendetsa makina, amene anapita ku South Africa n'kusiya mkazi ndi ana aakazi awiri. Mayiyo analemba kuti makalata omaliza a Silas ankachokera ku malo olembedwa kuti Mlanje, ndipo banja lawo silinadziwe kuti ndi kuti. Anabwerera kwawo fumbi la mgodi litamudya mapapo, ndipo sanathe chaka. Munalinso chithunzi cha mwala wa pamanda pake. Unali ndi dzina lake, la mkazi wake, ndi a ana aakazi awiri aja.

Amayi anayala pepalalo patebulo, anatenga pensulo ndi rula yanga ya kusukulu, n'kujambula mzere wachitatu pansi pa Silas. Analembapo Yohane, pansi pake iwo ndi amalume, pansi pake ine. Anakopera zonse n'kutumiza kwa mayi uja, kupempha kuti nawonso awonjezere pa pepala lawo. Yankho linabwera msanga, laulemu kwambiri. Anathokoza chifukwa cha nkhani yochititsa chidwi, ndipo anati mndandanda wa banja lawo unali wokwanira kale. Kalata imeneyonso ndili nayo.

Sabata yomaliza ya Ogasiti mvula inagwa koyamba, fungo la fumbi lonyowa n'kulowa m'khitchini. Amayi anatenga kalata ya pandege kuti ayankhe amalume. Ine ndinaima pambali pawo ndi pepala la ku Cornwall, wokonzeka kuwawerengera zilembo za Tremain kuti asalakwitse. Sanandifunse. Analemba ndi zilembo zazikulu, akudinikiza cholembera, YOHANE TILIMENI, ndipo pansi pake anawonjezera kuti mmisiri asasinthe chilembo ngakhale chimodzi, ndiponso kuti Kazinjaki asalembedwe.

Ndinawatsutsa m'Chingerezi, monga ndinkachitira ndikakwiya. Ndinati tavutika chilimwe chonse, tapeza dzina lenileni, ndiye akulembanso lolakwika lomwe lija.

"Tapezadi," anatero amayi akunyambita m'mphepete mwa kalatayo. "N'chifukwa chake tsopano ndikudziwa chimene ndikulemba."

Lero ndine wamkulu kuposa mmene analili Mayi Hocking chilimwe chija. Chitini cha mabisiketi chinasanduka mafayilo atatu. Mdzukulu wanga anandionetsa pa kompyuta mndandanda wa banja la Tremain, mibadwo yambiri, ena ku Australia, ena ku America, ndipo pansi pa Silas pali mizere iwiri yokha. Ndalembera a banjalo katatu, ndi makope a zonse. Ndiwalemberanso, chifukwa mzere wachitatuwo si chifundo chimene ndikupempha, ndi zimene zinachitika.

Koma za chiliza ndinasiya kutsutsa. Ndili mwana ndinkayesa kuti amayi anatopa, kapena kuti chitseko cha ku Nuneaton ndi kalata yaulemu ija zinawagonjetsa. Sindinkaganiza za Nangondo, amene sankadziwa kulemba, amene analibe pepala lililonse loti asunge. Anthu onse pa esiteti ankaitana mwamuna uja ndi dzina la onse, koma iye ankadziwa lenileni. Analiika pa mwana wake mmene pakamwa pake pankathera, ndipo linakhala pamenepo zaka zonsezo, tikulitchula tsiku ndi tsiku osadziwa. Ofesi ija inati zosungidwa pakamwa n'zosadalirika, chonsecho dzina lolakwika linali la m'kaundula. Tremain ali nawo kale mwala wake, ndipo pamwalapo Yohane palibe. Amayi anasankha kalembedwe ka munthu amene anatsala n'kulera mwanayo. Chithunzi cha chiliza chili m'fayilo yoyamba: simenti yoyera, tiyi wobiriwira kumbuyo, ndi mawu awiri aja, opanda chilembo chosinthidwa.