Tinapita Kudamu Titanyamula Malegeni

Ndikukumbukira tsiku limene aphunzitsi athu a Namakhwa analengeza kuti Loweruka tipita kukaona mbalame kudamu la esiteti ya tiyi. Ndinali kalasi limodzi ndi achimwene anga a Fanuwelo, amene anabwereza chifukwa mutu wawo unkakhala kutchire kuposa m'mabuku. Ife ana a kumalayini, kunyumba za antchito a esiteti, damulo tinkangolionera patali likunyezimira kumunsi kwa minda ya tiyi. Kunali alonda, ndipo mwana akapezeka kumeneko makolo ake ankaitanidwa kuofesi. Tsono titamva kuti abwana a esiteti avomera, m'kalasi munachita phokoso ngati pamsika wa Luchenza.

Kwathu kalelo mbalame inali ndiwo, basi. Zoti munthu wamutu wake angayende mtunda wonsewo kukangoiyang'ana n'kubwerako chimanjamanja, palibe amene anaziganizira, mwana kapena kholo. Amene anakondwa koposa anali amayi. Loweruka lomwelo atsibweni a Layisoni, mlongo wawo, ankabwera kuchokera ku Khonjeni patatha zaka osaonana, ndipo nkhuku zathu zonse zinali zitatha ndi chitopa.

"Fanuwelo, ndamva kuti kudamuko kuli abakha onona," anatero amayi akumanga mpango kuti azipita kukathyola tiyi. "Mmodzi yekha akwana. Usandichititse manyazi pamaso pa atsibweni ako." Ine anandipatsa jumbo yoti ndidzanyamuliremo, ndipo ndinaipinda bwinobwino podziwa kuti achimwene sankaphonya.

Tinanyamuka nkhungu isanachoke m'mapiri. Mame a pa tiyi anatinyowetsa mpaka m'chiuno, dothi lofiira likumata kumapazi. Titafika pageti, aphunzitsi anatiyang'ana mmodzimmodzi n'kugwira pakamwa. Anyamata onse malegeni ali m'khosi, matumba a makabudula akulendewera ndi miyala. Wina anabweretsa ulimbo m'chitini, wina mchere ndi machesi kuti tikaotcheretu konko. Aphunzitsi anaseka mpaka kutsamira geti, mlonda naye akupukusa mutu.

"Ana inu, mwabwera kunkhondo? Lero mbalame tiziona ndi maso okha. Wogenda mwala abwerera kwawo."

Zida zonse zinalowa m'katoni ya mlonda. Achimwene anapereka legeni yakale yotha mphira, nkhope ili yachisoni ngati ya munthu woferedwa. Ine ndekha ndinkadziwa kuti yabwinoyo ili m'kati mwa kabudula.

Kanjira kanatilowetsa m'kankhalango kozizira, konunkha masamba owola ndi matope. Kenaka mitengo inatseguka, damu lija lili poteropo, phee, maluwa a m'madzi atayala masamba awo ngati mbale. Achule ankadziponya m'madzi tikamayandikira. M'bango munali atchete achikasu, akukangana pazisa zawo zolendewera. Kakowa anaima ndi mwendo umodzi osatilabadira n'komwe, ndipo pamphanda ya mtengo panali chisa cha nantchengwa, chachikulu moti mwana akanagonamo. Ndinasangalala kwambiri.

Aphunzitsi anali atabwereka magalasi oonera patali, amodzi okha, ndipo tinkalandirana. Itafika nthawi ya achimwene, anandikodola, tinazembera kuseri kwa bango. Pafupi penipeni, poti ngakhale ine ndikanagenda, panali bakha wam'tchire wankhope yoyera, wonenepa bwino. Mate anadzaza m'kamwa. Ndinatambasula jumbo.

"Achimwene, lasani msanga asanatione!"

Iwo magalasi ali m'maso, osagwedezeka. Ndinawatsina. Legeni anaitulutsa ndithu, mwala n'kuikamo, koma dzanja linalo linakana kusiya magalasi.

"Taona kaye, Esinati," ananong'ona.

Ndinaika magalasiwo m'maso, bakha uja anangofika pamphuno panga. Ndinaona diso lake likuphethira, ndi timadontho ta madzi tikugubuduka pamsana pake. Kumbuyo kwake kunali tiana, tamizeremizere, tikupalasa ndi mphamvu zonse kuti tisatsalire. Kamodzi kankayesa kukwera pa tsamba, tsamba likumira, iko n'kugwa chagada, kenaka n'kuyambiranso. Ndinaseka mokweza. Bakha anaimba kamluzu, banja lonse n'kulowa m'bango. Achimwene anataya mwala uja pansi, ndipo sanandikalipire.

Mantha anatigwira pobwerera. Tinkayenda ngati opita kukabaya jakisoni, jumbo ikupepeluka m'manja mwanga. Tinapeza atsibweni atafika kale, atakhala pampando pakhonde, njinga yawo itatsamira khoma. Amayi anatuluka manja ali m'chiuno.

"Ali kuti bakha?"

"Tamusiya," anayankha achimwene maso ali pansi. "Ali ndi ana."

"Mwapita kukaona ndiwo, mwaipeza, mwaipatsa moni, n'kubwerako?"

Atsibweni anafunsa kuti tinaona chiyani chotiiwalitsa njala. Apa achimwene anadzuka. Anaima ndi mwendo umodzi ngati kakowa, khosi atalikweza, kenaka anagona pansi kusanzira kabakha kogwa chagada kaja, miyendo ikupalasa m'mwamba. Ine ndinali mayi wake, ndikuimba mluzu kuzungulira bwalo. Atsibweni anaseka mpaka kutsokomola, ana a nyumba zoyandikana atatiunjirira. Amayi anayesetsa kuumitsa nkhope, koma mapewa anawaulula.

Tsiku limenelo mlendo anadyera chigwada chotendera, ndipo anapempha china. "Mlongo, nyama ndimadya kulikonse," anatero akusamba m'manja, "koma kuseka chonchi ndinasiya kalekale." Amayi anangoti ana a masiku ano ndi ovuta, koma mtima unali utakhala pansi, ndipo ndodo sinatuluke.

Patapita milungu ingapo, gulu lomwe amayi ankagwiramo ntchito linatumizidwa kukathyola tiyi m'munda woyang'anana ndi damu. Madzulo amayi anafika atatopa, anatula dengu, anamwa madzi, kenaka anayankhula osatiyang'ana. "Abakha anu aja ndawaona. Anawo akula, ayamba kumera nthenga." Tinadzamva kwa anzawo kuti akapitawo anachita kuwakuwira kawiri, iwo ataima chilili pakati pa tiyi, maso ali kumadzi.

Lero zinthu zinasintha. Kudamu kuja analambula tinjira n'kuika mabenchi, ndipo alendo amabwera ndi makamera aatali ngati mipini ya makasu. Ana anga akulira m'tauni, legeni sanaigwirepo, mbalame zambiri amazidziwira pafoni. Ndikawauza kuti kalasi lathunthu linapita kukaona mbalame litanyamula machesi, amati ndikukokomeza. Amayi anapuma ntchito, miyendo inayamba kuvuta, koma Lamulungu akaweruka kutchalitchi amauza wakabaza kuti adzere njira ya kudamu. Ndikawaimbira foni, za anthu amandiuza pomalizira. Amayamba ndi zoti chaka chino abakha aswa ambiri, ndipo amandifunsa kuti ndibwera liti ndi adzukulu awo ana a abakhawo asanauluke.