Matikiti a ku Phiri la Bangwe

Fungo la mafuta a makina osokera ndi limene limandibwezera ku phiri la Bangwe. Si fungo la kutchire ayi, koma kwa ine ziwirizi zinasakanikirana kalekale, moti ndikadutsa pakhonde la telala ku Limbe ndimamva ngati ndikuponda masamba ouma a bulugama. Bambo anga anali telala ku Ndirande. Mafutawo ankakhala m'zala zawo, m'jekete lawo, ngakhalenso pa timapepala timene ankandipatsa, timene ndatiyala patebulo pano pamene ndikulemba.

Ndikulemba chifukwa ndakwiya. Mwezi wathawu, pa chinkhoswe cha mdzukulu wathu wina ku Machinjiri, msuweni wanga Esinati anauza ana pagulu kuti ine ndinaleredwa ndi bambo ake chifukwa bambo anga ananditaya. Ananena akuseka, mwendo wa nkhuku uli m'manja. Sindinamuyankhe poti panali alendo. Koma ine ndinagwira ntchito yosunga mafayilo mpaka kupuma, ndipo ndikudziwa kuti nkhani yopanda pepala imatengedwa ndi amene ali ndi mawu okweza. Ine mapepala ndili nawo.

Mayi anamwalira ndili ndi zaka khumi, mvula itangosiya. Pamaliro pomwepo amalume, alongo awo a mayi, anakangana ndi bambo. Ankati bambo anachedwa kupita ndi mayi kuchipatala. Kaya zinali zoona sindikudziwa, ndipo chimene ndilibe umboni wake sindinena. Chimene ndikudziwa n'chakuti mwa mwambo wa kwathu mwana ndi wa kuchikazi, ndipo mwini mbumba ndi malume. Atangosesa, amalume anamanga zovala zanga m'chitenje cha mayi n'kunena kuti ndikupita nawo ku Bangwe, ndipo phazi la bambo lisadzaponde pakhomo pawo. Bambo sanatsutse. Anandiperekeza mpaka pa siteji, ndipo pamene amalume ankalankhula ndi kondakitala, iwo anawerama ngati akundikonza kolala.

"Loweruka ukamapita kunkhuni, usamathere m'munsi," anatero motsitsa mawu. "Uzikwera mpaka pamwala waukulu wokhala ngati tebulo."

Amalume sanali munthu wankhanza, ndipo zimenezi ndizilembe bwinobwino. Ndinkadya chimene ana awo ankadya, ndinkapita kusukulu imodzi ndi Esinati. Koma nyumba yawo inali yodzaza kale ine ndisanafike. Tinkagona ana anayi pa mphasa imodzi, ine kumapeto kwenikweni, kumene bulangete linkathera. Iwo anali ndi nthabwala zawo zimene ndinazipeza zitayamba kale, ndipo akamaseka ine ndinkangoyang'ana khoma. Inali nyengo yozizira. M'mawa chiperoni chinkatsika m'phiri n'kuphimba nyumba zonse, kamvula kake kosagwa kosaleka, ndipo pampopi tinkaima pamzere manja ali m'khwapa, ndowa zikugundana. Utsi wa mbaula sunkakwera, unkangoyenda m'tinjira ngati galu wosowa kwawo. Kutali ku Limbe sitima inkalira, ine n'kumaganiza kuti kuseri kwa kulirako ndiko kuli kwathu.

Loweruka atsikana a m'dera lathu tinkapita kunkhuni. Njira inkayambira kuseri kwa nyumba zomaliza, kudutsa m'minda ya nandolo ndi mapesi a chimanga, kenako kulowa m'mitengo ya bulugama. Pamenepo anzanga ankakhazikika, kuthyola nthambi zouma uku akuimba ndi kunena za anyamata. Palibe ankandifunsa ndikamapitirira. Ankaganiza kuti mlendo akuopa kulimbirana nkhuni ndi eni dera. Kumtunda njira inkachepa n'kusanduka kamzere ka dothi lofiira, koterera ndi mame. Bulugama ankatha, n'kuyamba misuku ndi mitengo ina yachilengedwe ya makungwa okhakhala. Udzu unkandinyowetsa mpaka m'chiuno. Panali malo ena pamene umayenera kugwira muzu ndi manja awiri kuti ukwere, ndi pena pamene kamadzi kankatuluka pansi pa thanthwe, kozizira mpaka mano kuwawa. Ukadutsa pamenepo mawu a anthu ankazimiririka, kumatsala mphepo ndi kupuma kwako.

Loweruka loyamba ndinapeza bambo atakhala kale pamwalapo, atavala jekete lawo la kutchalitchi, nsapato zili matope okhaokha. Anali atakwera basi kuchokera ku Ndirande mpaka ku Limbe, n'kukweranso ina ya ku Bangwe mpaka pamene inkatembenukira. Kuchokera apo sakanadutsa njira yathu, chifukwa inkapita pafupi ndi nyumba ya amalume. Ankazungulira kuseri, njira ya abusa a mbuzi, yotalika kawiri. Phirilo ankalidziwa chifukwa ankakwera ndi mayi pa nthawi imene ankawafunsira.

Sitinkalankhula zambiri. Ankatulutsa mbatata yootcha yokulunga m'nyuzipepala, kapena mtedza, ndipo tinkadya miyendo ili lende. Chifunga chikayera ankandilozera malo ndi chala chawo chokhala ndi zipsera za singano: madenga a ku Limbe, phiri la Mpingwe, la Ndirande uko, ndipo tsiku lowala bwino Mulanje ankaoneka kum'mawa ngati mtambo umene waiwala kuyenda. Za mayi sitinkatchula. Tikatha kudya ankandithandiza kutola nkhuni, n'kuzimanga mwaluso ndi luzi, mfundo yake yosalala ngati ya pa diresi la ukwati.

Kenako ankatulutsa tepi yoyezera. Ankandiimika pamwala, kuyeza mapewa, chiuno, ndi kutalika kuchokera paphewa mpaka pabondo. Ankati akundisokera diresi la Khirisimasi ndipo sankafuna kulakwitsa, poti ndinali kukula ngati chimanga cha padambo. Manambalawo ankawalemba m'kabuku kawo, n'kuwalembanso ndi pensulo kuseri kwa tikiti ya basi imene yawabweretsa ku Bangwe. Masiku amenewo kondakitala ankayenda ndi kamakina pachifuwa, akapukusa n'kutuluka kapepala kodinda tsiku ndi mtengo.

"Sunga iwe, mayi," ankatero pondipatsa. "Ine ndimataya zinthu."

Ndinkaika matikitiwo m'buku la nyimbo la mayi, limene linkakhala pansi pa zovala zanga. Anakwana asanu ndi awiri. Sabata yonse ndinkakhala ngati munthu wogwira mpweya, n'kukaupumira pamwala paja.

Chimene chinawononga zonse ndi pakamwa panga. Tsiku lina pampopi, Esinati anafuna kuseketsa anzake.

"Iwe Lusiya, akuti ababa ako akwatira wina ku Ndirande. Akuiwala, ndiwe wathu basi."

"Bodza! Amabwera kudzandiona."

"Amabwera kuti? Kumaloto?"

Mzere wonse unaseka, ngakhale amayi akuluakulu. Ndinasiya ndowa pomwepo, kuthamangira kunyumba, n'kubwera ndi buku la nyimbo lija. Ndinayala matikiti onse asanu ndi awiri pa simenti yonyowa, mwa dongosolo la masiku ake, n'kuwauza za mwala, za mbatata, za diresi. Palibe anasekanso. Ndinanyamula ndowa yanga ndikuyenda ngati ndawina mlandu.

Dzuwa lisanalowe amalume anandiitana pakhonde. Anavala magalasi, n'kuwerenga tikiti iliyonse, kutsogolo ndi kuseri. Sanandimenye, sanakweze mawu. Anawasonkhanitsa bwinobwino n'kundibwezera.

"Tenga zako. Kuyambira lero kunkhuni kuzipita Esinati. Iwe Loweruka uzipita kuchigayo. Bambo ako tiwatumizira mawu kuti asavutikenso."

Chigayo chinali kumunsi, mbali ina kotheratu. Loweruka mzere wake unkatenga tsiku lonse. Ndinkakhala pa thumba langa, fumbi la ufa likundiyeretsa nsidze, phokoso likugwedeza mano, ndipo phiri linkaonekera pamwamba pa denga la chigayocho. Ndinkayembekeza kuti bambo akalandira mawu aja adzakwiya. Ndinkawaona m'maganizo akutsika basi, kulunjika pakhomo pa amalume, kugogoda ndi chibakera n'kunena kuti mwanayu ndi wanga. Basi iliyonse ikaima ndinkawerenga otsika. Sanabwere.

Kuzizira kunatha, kunayamba mphepo ya fumbi. Lamulungu lina nditatuluka m'tchalitchi ndinazemba n'kukwera ndekha ndi zovala za kutchalitchi zomwezo. Moto wolusa unali utadutsa. Udzu wonse unali phulusa, mitengo yakuda m'munsi, ndipo njira inkaoneka poyera ngati chipsera. Kamadzi kaja kanali katauma. Pamwala panalibe munthu. Panali makoko a mtedza m'mng'alu, ndi kachidutswa ka nyuzipepala kopanikizidwa ndi mwala waung'ono. Ndinati ndi za abusa a mbuzi. Ndinakhala mpaka mthunzi unatembenuka, osalira, n'kutsika miyendo ili bii ndi phulusa. Ndili m'njira ndinagamula mlandu ndekha: munthu amene wauzidwa kamodzi kokha kuti asabwere, iye n'kumvera, ndiye kuti sankafuna kwenikweni.

Diresi linabwera pa Khirisimasi, kudzera mwa mayi wina wogulitsa tomato. Linali labuluu, la kolala yoyera, losokedwa bwino kuposa chovala chilichonse chimene ndinavalapo. Koma linali lalifupi, ndipo m'khwapa linkandithina. Ndinaliona ngati umboni womaliza. Telala wotani wosadziwa msinkhu wa mwana wake? Ndinalipereka kwa mng'ono wake wa Esinati. Chaka chotsatira amalume ananditumiza kwa achibale ku Thyolo, ndipo kuyambira pamenepo bambo ndinkakumana nawo pamaliro ndi paukwati basi. Ndinkawapatsa moni mwaulemu, wogwada, wozizira. Iwo sanadzifotokoze, ine sindinafunse.

Anamwalira ine nditayamba kale ntchito. Analibe mkazi wina, ngakhale Esinati ankatero. Makina awo anandipatsa ine poti panalibe wowafuna. M'kabati yake yaing'ono, pansi pa ulusi ndi choko, munali kachitini ka mapini, ndipo m'kachitinimo munalibe mapini. Munali matikiti. Ndinawayala pa mphasa monga ndinachitira pampopi paja. Asanu ndi awiri oyamba anali amodziamodzi, obwererera ku Limbe, ndipo masiku ake ankagwirizana ndi anga, tikiti ndi tikiti. Otsatirawo anali awiriawiri, yopita ndi yobwerera, zolumikizidwa ndi pini. Loweruka lililonse, osadumpha, mpaka sabata imene mvula yoyamba inagwa. Ndinawerenga Maloweruka khumi ndi atatu. Ndinawatembenuza onse. Kuseri kwake kunalibe nambala ngakhale imodzi.

Ngati mawu a amalume anawafika, sindikudziwa. Ngati Esinati, amene ankatola nkhuni m'munsi mwa phiri lomwelo ndipo malo a mwalawo ndinamuuza ndekha, anakwerapo n'kuwaona, sindikudziwanso. Ndinamufunsa kamodzi, iye anati, "Aa, achemwali, tinali ana." Yankho limenelo silikana ndipo silivomera, choncho ndalisunga momwe liliri.

Sabata yatha ndinakwera minibasi ya ku Bangwe. Munali achinyamata ovala nsapato zamasewera, mabotolo a madzi m'manja, akuti akukakwera phiri kuti alimbitse thupi ndi kujambula zithunzi. Nditalipira ndinapempha tikiti. Kondakitala anandiyang'ana ngati ndapempha mwezi. "Agogo, tikiti ya chiyani? Tikiti ndine ndemwe." Minibasi yonse inaseka. Ine sindinaseke. Anthu akuyenda tsiku ndi tsiku popanda kanthu kosonyeza kuti anapita, ndipo tsiku lina wina adzaima pa chinkhoswe n'kunena kuti sanapite. Phirilo ndinaliona ndili pa siteji. Nyumba zakwera mpaka pamene panali bulugama, ndipo kumtunda kwatsala miyala ndi udzu. Mawondo anga sakanandifikitsa pamwala paja, koma tsopano ukuoneka uli pansi pomwe, poti palibe mtengo wouphimba. Munthu atakhalapo lero, wa kuchigayo akhoza kumuona.

Ndili mwana ndinkadziwa kuti pepala limanena zoona, ndipo sindinalakwitse. Chimene sindinkadziwa n'chakuti ndinali ndi theka lokha la fayilo, ndipo ndinatseka mlandu theka linalo lili m'thumba la jekete, likukwera phiri njira ya kuseri. Diresi lija silinali lalifupi chifukwa cha kusasamala. Linasokedwa ndendende pa muyezo wa tikiti yachisanu ndi chiwiri, umene ndi womaliza umene telala anapatsidwa. Matikiti onse tsopano ali mu envelopu imodzi, anga ndi awo, mwa dongosolo la masiku ake. Ndikaitsegula mumamvekabe mafuta a makina, pang'ono chabe.