Tiivi Yomwe Ndinasankhira Ababa

Maganizo opita ku Lusaka anandibwerera tsiku lomwe Ababa anafika pakhomo malaya atanyowa ndi mowa wamasese wa munthu wina. Anali atapalasa njinga kuchokera kumudzi kwathu kwa Mavwere kukaonera mpira ku vidiyo ya pamsika, monga ankachitira Loweruka lililonse. Chigoli chitalowa anyamata analumpha, wina n'kuwakhuthulira chikho chonse kumsana. Iwo sanadandaule n'komwe. Anangoti, "Anawo anakondwa, Naphiri, chigolicho chinali chokoma." Koma ine mtima unandiwawa zedi. Munthu wamkulu, wotsogolera mapemphero ku mphakati, kumakaima kumbuyo kwa tianyamata n'kumasuzumira pakati pa mapewa awo!

Chaka chimenecho mtedza unatikana, ndipo mnzanga Edina, yemwe ankagwira ntchito mu saluni ku Lusaka, anali atatopa n'kundiitana. Manja oluka tsitsi ndinali nawo kuyambira ndili kamtsikana. Ndiye ndinalankhula Amayi ali pomwepo: "Ababa, ndikupita ku Zambia. Pobwera ndidzabwera ndi tiivi. Mpira muzidzaonera muli pampando wanu, miyendo mutatambasula."

Amayi anaseka mpaka kugwira nthiti. "Tiivi pakhomo popanda magetsi? Mwana iwe, mutu ukuyenda bwino?"

"Sola ilipo padziko pano, Amayi."

Ababa sanaseke. Anati, "Ukagule yooneka bwino, yoti ndiziwerenga nambala ya kumsana kwa wosewera." Mawu amenewa ndinawatenga ngati lamulo.

Musanamizidwe ndi zithunzi zomwe timatumiza, ku Lusaka ndinavutika. Tinkagona atatu m'kachipinda kamodzi m'komboni, ine pansi pafupi ndi chitseko. Anthu ankanditcha "ba Malawi" ndipo ankaseka ndikamati "chonde", ati ndimalankhula ngati wansembe. Kuluka meshi tsiku lonse kunanditupitsa zala moti masiku ena batani la bulauzi linkandikanika kumanga. Ndalama ikabwera inkang'ambika patatu: ya lendi, ya fetereza wa kumudzi, ndi ya tiivi yomwe sindinkaikhudza ngakhale ndigone ndi tiyi wopanda mkaka. Lamulungu lililonse anzanga akapita kwa abale awo, ine ndinkatsala ndekha, wosungulumwa. Koma ndikaimba foni kumudzi ndinkasekerera: "Kuno zonse zili bwinobwino, ndanenepa mpaka!"

Ndalama zitayamba kuoneka, ndinalowa m'masitolo. Eee, anthu inu! Matiivi khoma lonse, onse akuonetsa maluwa omweomwewo ndi nsomba zomwezomwezo. Wogulitsa aliyense amalumbira kuti yake ndiye mfumu, ya sitolo yoyandikana nayo ndi zinyalala. Edina anandionetsa pafoni tinyenyezi tomwe ogula amaika, ati mtundu wokhala ndi tinyenyezi tambiri ndiye wabwino. Ndinamufunsa kuti, "Anaika tinyenyeziti ndi ndani? Ukumudziwa? Nanga ngati ndi mlamu wake wa mwini sitolo?" Iye anati ndine wachimidzimidzi. Ndinavomera, koma ndalama ya zala zanga sindikanaiponya pa mawu a munthu wosaoneka nkhope.

Nzeru inabwera yokha ndili pantchito. Azimayi ambiri ankandiitana kuti ndikawalukire kunyumba kwawo, ndipo woluka amakhala pati? Kumbuyo kwa kasitomala, nonse mutayang'ana tiivi, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Munthu amene mutu wake uli pakati pa mawondo ako sathawa funso. Ndiye ndinayamba: "Ba mami, tiivi yanuyi mukukhutira nayo?" Poyamba onse ankayamikira, pajatu palibe amene amafuna kuoneka kuti anapusitsidwa. Koma tikafika pakati pa mutu, khungu litayamba kuwawa, zoona zinkatuluka zokha.

Mayi wina wa nyumba ya mpanda wautali anali ndi chitiivi chachikulu ngati chitseko, cha mtundu wodula womwe dzina lake limatchuka paliponse. Chithunzi chake, mayo ine, kuchita kufuna kuthyola tsamba! Koma magetsi atathima n'kuilumikiza ku batire, filimu yathu inafera panjira. Mayiyo anati, "Iyi idya moto maningi, mwana wanga. Ngati kwanu ni ku sola, osayesa." Ndinaufufuta mtundu umenewo mumtima.

Panali mtundu wina wotchipa womwe unadzaza m'komboni. Eni ake ankauyamikira mwezi woyamba okha. Pakapita nthawi ndinkapeza mizere ikuyenda pankhope za anthu, kapena mawu akutuluka chithunzi palibe. Mayi wina ankachita kuimenya khofi kumbali kuti iyake, ana n'kumawomba m'manja. Apa mpamene ndinasintha funso langa. Ndinasiya kufunsa ngati ili yabwino, n'kuyamba kufunsa kuti, "Itafa lero, mungakagulenso yomweyi?" Pamenepo munthu ankayamba wakhala chete, ndipo kukhala cheteko kunkandiuza zambiri.

Mtundu womwe unapambana unali wosatchuka kwenikweni, wa dzina lovuta kutchula. Eni ake sankaukweza m'mwamba ayi. Ankangoti, "Aa, iyi? Siinativutepo." Agogo ena ogulitsa makala anati yawo inagwapo pa kabati mdzukulu atakoka chingwe, koma inadzuka n'kupitiriza nkhani. Mphunzitsi wina wamkazi anati yake imayenda ndi kabatire kakang'ono mpira wonse mpaka kutha. Kulikonse komwe ndinkaipeza ndinkapempha kuti aike mpira pang'ono, azimayi n'kumadabwa kuti woluka tsitsi wanji wokonda mpira. Ndinkaima kukhomo, kutali, n'kuwerenga nambala za kumsana. Zinkawerengeka bwinobwino! Ndinkabwerera kuchipinda kwathu ndikuimba nyimbo za kwaya mumsewu.

Ndikakumbukira pano ndimaona kuti mauthenga a kumudzi anali ndi mabowo, koma nthawi imeneyo chimwemwe chinanditseka m'makutu. Ndikaimba ya vidiyo, yoonana nkhope, pa foni ya achimwene anga a Lazalo, Amayi ankati netiweki ikuvuta, tiyeni tingolankhula. Ndikafunsa za mpira, achimwene ankati, "Mdala anasiya kupita ku vidiyo, akuti akudikira yako." Ine kumva choncho ndinkadzimva ngati bwana. Ababa akatenga foni ankangofunsa kuti, "Wapeza yooneka bwino, Naphiri?" Ndipo ine ndinkawafotokozera kafukufuku wanga yense, iwo akuseka kuti mwana wawo wasanduka wapolisi wa matiivi.

Tsiku logula ndinavala diresi la kutchalitchi. Wogulitsa anayesa kundikokera ku mtundu wina, ati uwu ndiye wa masiku ano. Ndinamuuza kuti, "Achimwene, ine ndafunsa Lusaka yense mutu ndi mutu. Ndipatseni iyo." Ndinagulanso sola, batire ndi dishi, chikwama n'kutsala chopepuka ngati cha mwana wa sukulu, koma mtima uli mwaa. Katoni ndinaikulunga ndi bulangete langa lomwe. M'basi ndinakana kuti aiike pansi ndi matumba, ndinailipirira mpando wakewake. Bambo wina anandiseka kuti, "Amunawo sakulankhula bwanji, mayi?" Ndinati, "Akafika kwawo alankhula, musadandaule." Pa boda ndinalipira msonkho osanyinyirika, ndipo nditangoponda dothi la Mchinji n'kumva anyamata a kabaza akukuwa Chichewa chathu chenicheni, misozi inalengeza.

Tinafika kumudzi pa kagalimoto ka matola dzuwa lili pamutu. Ana anathamangira galimoto, azimayi a pachitsime anasiya zidebe, Amayi nthungululu mpaka mawu kusasa. Ababa okha sanabwere kumsewu. Ndinawapeza atakhala pakhonde, ndipo nditagwada anandigwira nkhope ndi manja onse awiri, kusisita masaya, mphumi, mpaka tsitsi. "Wabwera, Naphiri. Koma kunenepa kuja kuli kuti?" Ndinaseka, ndimvekere ndi chikondi cha bambo basi.

Loweruka m'mawa a Lazalo anakwera padenga ndi sola, dishi anaikhomera pamtengo wa bulugamu womwe anazika pakona ya nyumba. Pofika masana pabalaza panalibe poponda. Anabwera a mphakati, anabwera anyamata omwe aja a ku vidiyo, ena anakhala pazenera. Mpando wa Ababa ndinauika ndekha kutsogolo, pakatikati, ndipo ndinalengeza kuti aliyense woimirira patsogolo pawo atuluka ndi khutu limodzi. Achimwene anatembenuza dishi uku ndi uku, ife tikukuwa, "Pang'ono! Bwererani! Pomwepo!" Kenaka bwalo la mpira linangoti ngwee, udzu wobiriwira ngati dimba la mpiru. Nyumba yonse inaphulika.

"Ababa, taonani udzuwo! Taonani nambala, ikuwerengeka ngati pa bolodi!"

Iwo anamwetulira n'kugwedeza mutu. Koma nkhope yawo inali italoza pambali pang'ono, chakuzenera komwe kunkachokera kuwala. Anati, "Yabwino kwambiri, mwana wanga. Takwezako mawu pang'ono."

Ndinagwada patsogolo pawo, ine ndemwe ndinaletsa ena kutero. M'maso mwawo monse muwiri munali moyera ngati mwadontha mkaka. Ndinakweza rimoti pafupi ndi nkhope yawo, maso sanaitsatire.

Ndinatulukira kuseri kwa nkhokwe, Amayi akunditsatira. Sindinawalankhulepo mokweza chibadwire, koma tsiku limenelo ndinatero. "Amayi, zayamba liti? Ine kumazunguza Lusaka yense kufunsa za chithunzi, inu mukudziwa kuti munthu sakuona?"

"Ndi ng'ala," anatero motsitsa. "Inayamba diso limodzi utangochoka, kenaka linalo. Kuchipatala anati imachotsedwa, madokotala a maso alipo. Koma abambo akowo anakana. Ati ukamva usiya ntchito, ndalama ya tiivi ithera m'maulendo a kuchipatala, ndiye ubwera chimanjamanja anthu akuseke. Anatilumbiritsa tonse."

"Ndiye munandinamiza nthawi yonseyi?"

"Nanga iwe? Amake Edina anatiuza zonse, za zala zotupa, za kugona pansi. Tinkamva ukuti wanenepa, ife n'kumavomera kuti eya."

Ndinkaganiza kuti wopirira ndine ndekha, woteteza anzake ku nkhani zowawa ndine amene ndili kutali. Osadziwa kuti kumudzi nakonso ankandilera pafoni ngati mwana, aliyense akubisa bala lake kuti mnzake agone tulo. Zinandikwiyitsa, zinandimvetsanso chisoni, ndipo ndinawakonda anthu amenewa kuposa kale. Tinalira pang'ono ndi Amayi, iwo akundipukuta ndi nsonga ya chitenje.

Tili pomwepo m'nyumba munamveka chiphokoso. Tinathamangira, n'kupeza Ababa ali chilili, manja m'mwamba, akukuwa kuposa anyamata onse: "Chalowa! Ndinanena ine kuti kona imeneyo ndi yoopsa!" Anali atatsatira zonse ndi khutu, ndipo ankauza anyamatawo yemwe wapatsira ndi yemwe wagoletsa iwo asanamalize kuwerenga dzina. Mnyamata wina anafuna kuwakumbatira, achimwene n'kumukoka malaya. Ndinaseka misozi ili m'masaya. Ndinakhala pansi pambali pa mpando wawo n'kuwanong'oneza kuti, "Lolemba tikupita kuchipatala. Tiivi yabwera kale, palibenso chokanira."

Ababa anafunsa kuti, "Ku Lusaka ubwerera liti?"

"Mukadzawerenga nambala."

Anandifinya dzanja.

Mpira utatha anthu anayamba kubalalika akuyamikira, ena akufunsa dzina la mtunduwo kuti nawonso adzagule womwewo. A Lazalo anaona kuti pagalasi la tiivi padakali kapulasitiki kopyapyala ka kufakitale, komwe m'chipwirikiti chija tonse tinakaiwala. Anakatola pakona ndi chikhadabo n'kuyamba kukoka. Kanangolira kuti tswee, Ababa anatembenuka msanga.

"Ukung'amba chiyani, Lazalo?"

"Kapulasitiki ka pagalasi, mdala. Kakachoka ndiye iwala zenizeni."

"Kasiye. Bwezeretsa momwe kanalili." Anaimirira, napapasa mpaka anakhudza galasilo ndi chikhatho. "Nonsenu mwaiona kale. Aka kokha ndisiyireni, ndidzachotsa ndekha tsiku lomwe ndidzabwere kuchokera kuchipatala ndikuona."

Achimwene anakamata bwinobwino ndi chala, ndipo Amayi anapita kukawachapira Ababa malaya a ulendo wa Lolemba.