Munda wa Airishi wa Mayi Anga

Ndikukumbukira kuti tsiku limenelo kunkagwa mvula yamawawa, ndipo nkhungu inali itakuta mapiri a kwathu ku Dedza. Kunkangomveka madontho a patsindwi, kenako makasu akugundana panjira, akuyandikira.

Chaka chimenecho chiwawu chinagwira mbatatesi, imene kwathu timati airishi. Masamba anada ngati apsa ndi moto, ndipo ukakumba unkatulutsa phala lonunkha. Munda wa mayi anga wokha, pamwamba pa chitunda, ndiwo unatsala wobiriwira. Anthu anayamba kunong'ona kuti mayi amakawa, ndiko kukoka zokolola za anzako ndi mankhwala.

Tinathamangira kumunda, ndipo amuna a makasu aja anatipeza komweko. Patsogolo panali a Jeremiya, amene ankatiphunzitsa katekisimu.

"Nangozo, tibwezereni zathu," anauza mayi, maso ali pansi.

"Achimwene, ana awa adya chiyani?" mayi anafunsa.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu, nditabereka mlongo wanga Tereza. Ndinadzikodzera, poganiza kuti akamaliza munda makasuwo atembenukira kwa ife. Anakumba zonse, ngakhale tating'ono ngati mazira a njiwa. Pamene ufa wachithandizo unkafika ku mishoni, Tereza tinali titamuika kale.

Lero ndimagwira ntchito panyumba yosamalira okalamba ku Wigston, kuno kutsidya kwa nyanja. Chaka chatha, ndikuyala bedi la a Patrick, nkhalamba ya ku Ireland, ndinapeza mbatatesi ziwiri zophika pansi pa pilo. Anandigwira mkono. Anati agogo awo ankabisa mbatatesi chomwechi moyo wawo wonse, chifukwa makolo a agogowo anaona mbatatesi ikuwola dziko lonse, anthu n'kumafera m'njira. Nditawauza kuti kwathu timaitcha airishi, anaseka mpaka kutsokomola. Kenako ndinawafotokozera zonse, zimene ngakhale malemu mkazi wanga ndinangomuuzako pang'ono.

"Nanga anthuwo unawatani?" anafunsa.

Ndinayamba ndabwezera mbatatesi zawo pansi pa pilo. Kuno airishi timagula wamatumba m'masitolo a ku Beaumont Leys, wotsala n'kutaya, koma khasu likalira pamwala kuseri kwa nyumba yoyandikana nayo, mtima umandidumphabe. A Jeremiya nawonso anaika ana awiri chaka cha chiwawu chija. Ndinawauza a Patrick zimene ndinauza Mulungu kalekale: ndinawakhululukira.