Chitenje Chimene Chinapita ku Mangochi

Che Majidi a ku Ndirande anali dalaivala pakampani ina yobwereketsa magalimoto kwa alendo, m'zaka zija za m'ma 1970 pamene munthu unkayamba wacheuka usanatsokomole. Ntchito yawo inali kukatenga azungu pabwalo la ndege ku Chileka, kuwakweza mu Pijo yoyera, kudutsa nawo pa Kameza ndi ku Chirimba, kenako ulendo wa ku Zomba mpaka ku Mangochi. Kumeneko ankazungulira nawo, lero ku Monkey Bay, mawa ku Malindi, mkuja kukagula ziboliboli, azunguwo akudziwotcha khungu padzuwa mwadala. Anali munthu wamfupi, wa kofia yoyera, wodziwa dzenje lililonse la msewu umenewo. Vuto lawo linali limodzi: ankadziyesa ochenjera kuposa madalaivala onse a mu Blantyre.

Masiku amenewo mkazi sankaloledwa kuvala buluku kapena siketi yoonetsa mawondo. Kumahotela a kunyanja lamuloli linkagona, koma ukangotulukira kumsewu unkalipeza lili maso. Madona achizungu zimenezi sankazimvetsa, choncho dalaivala aliyense ankasunga chitenje m'galimoto kuti dona adzikulunge asanafike pa rodibuloko. Akapezeka ndi buluku, dona ankangodzudzulidwa basi. Wotsitsidwa anali dalaivala: khadi ya chipani ili kuti, kwanu n'kuti, bwanji mukunyozetsa dziko.

Mkazi wawo, Nasima, anali katswiri wa gule mwa amayi a chipani a dera lawo. Chaka chimenecho amayiwo anali atalandira nsalu yatsopano yokavinira kusitediyamu pa chikondwerero cha ufulu. Pansalupo panali nkhope ya mtsogoleri wa dziko, yosindikizidwa malo atatu, nkhope yomwe ija inali pakhoma la sitolo ndi ofesi iliyonse. Nasima anaipinda bwinobwino n'kuisunga pansi pa sutikesi.

Apa ndiye nzeru zinawachulukira Che Majidi. Anaganiza kuti dona wovala nkhope imeneyo, ndani angamuimitse pamsewu? M'mawa wa ulendo, Nasima atapita kumpope, iwo anatsegula sutikesi, kusolola nsalu ija, n'kuilonga m'chikwama. Kupempha sanapemphe, poti ankadziwa yankho lake.

Alendo a ulendo umenewo anali dona wina wamtali dzina lake Ursula ndi mwamuna wake. Pa mlatho wa ku Liwonde, pamene panali rodibuloko yoopedwa, nzeru ija inagwiradi ntchito. Anyamata a chipani a malaya ofiira ataona mzungu wavala nsalu yawo, anaomba m'manja, ena mpaka kuyambitsa nyimbo. Mkulu wawo, mnyamata wa mpata kumano, anagwira dona chanza ndi manja awiri. Buti sanatsegule n'komwe. Che Majidi anayendetsa mpaka ku Mangochi akuimba mluzu, ndipo masiku onse a kunyanjako ankangodziyamikira chamumtima.

Zinthu zinavuta pobwerera. Atangodutsa pa Ulongwe, injini inatentha, nthunzi n'kuyamba kutuluka kutsogolo. Che Majidi anaimitsa galimoto, natenga chigubu kukasaka madzi kuchitsime. Pobwera anapeza boneti ili yasa, mwamuna wa Ursula akumwetulira monyadira kuti wathandiza. Anali atatenga nsalu ija pampando wakumbuyo, watsegulira chivindikiro chotentha, wapukutira oilo m'manja, n'kuisiya pa injini. Che Majidi anaitola n'kuitambasula pang'ono. Nkhope ya kumapeto inali ndi oilo wakuda bii kukamwa, ndipo pamene panali diso panali chibowo chopsa.

Chigubu chinawapulumuka m'manja. Pa Ndirande panali telala wina dzina lake Januario, amene anagwetsa chithunzi cha nkhope yomweyo posesa akangaude kukhoma, galasi n'kusweka. Apolisi anadzamutenga masana pa Landirova, ndipo makina ake osokera anachita dzimbiri akumudikira. Iyeyo linali galasi chabe. Nanga wotulutsa diso amutani?

Mzungu uja ataona kuti dalaivala wasintha nkhope, anaseka nanena kuti pepani, agula ina m'tauni. Che Majidi anafuna kumutukwana, koma nthawi panalibe, pakuti anthu a m'midzi ya pafupi anali atayamba kubwera kudzaona galimoto yofa. Kuitaya m'tchire sikukanatheka. Wina akanaitola, ndipo wina akanakumbukira Pijo yoyera. Anazembera kuseri kwa mtengo ngati wokataya madzi, nakulunga nsaluyo pamimba, malaya pamwamba, jekete pamwamba pake. Kenako anachonderera dona kuti avale diresi lalitali la m'sutikesi mwake.

Pa Liwonde anapeza mnyamata yemwe uja wa mpata kumano.

“Aa, madala! Mwabwerako? Dona wathu uja ndi ameneyu! Nanga nsalu ili kuti lero?”

“Aisunga, bwana,” anatero Che Majidi. “Akuti ndi ya mtengo wapatali, akaonetse kwawo.”

“Zoona? Ndiye chitukuko chimenecho. Koma inu jekete kutentha konseku?”

“Malungo, bwana. Udzudzu wa kunyanja.”

Pamenepo sananame kwenikweni, chifukwa ankanjenjemeradi, thukuta lili kamukamu. Mnyamatayo analowetsa mkono pawindo n'kuwasisita pamimba. “Malungo ake ati? Mwanenepa ndi chambo cha azungu inu!” Dzanja lake linakhala pamenepo, pamwamba pa diso lopsa lija, kwinaku anzake akuseka. Che Majidi anasekanso, koma mumtima anali atayamba kale kutsanzika ana awo. Mtengo wotchinga msewu utakwezedwa, dzanja linakanika kupeza giya bwino, galimoto inanyamuka modumpha ngati akuyendetsa wophunzira.

Anafika ku Ndirande dzuwa likadalipo, napeza Nasima atakhuthula sutikesi pamphasa, maso ali psuu. Masiku onsewo ankaganizira anansi kuti amubera, koma ankaopa kufunsa. Che Majidi anatseka chitseko, anavula jekete, nayamba kumasula. Nasima ataona chibowo chija sanakuwe, poti makoma a pa Ndirande ndi opyapyala. Anangokhala pansi.

“Abambo a Hajara, mwatipha,” ananong'ona. “Munafunsa ndani?”

“Tiiwotche.”

“Pambaula ya pakhonde, anthu akuona? Fungo la nsalu simulidziwa?”

“M'chimbudzi.”

“Cha pulote yonse? Ndipo mawa ndikavina nditavala chiyani? Ndikapempha ina, andifunsa kuti yoyamba ili kuti.”

Asanayankhe, kunja kunamveka odi. Anali mayi Veronica, wapampando wa amayi a chipani m'deralo, mzimayi wa mawu aakulu amene ankadziwa za m'nyumba iliyonse. Che Majidi anaikhalira nsalu ija. Mayiwo sanalowe, anangoimirira pakhomo. “Make Hajara, mawa lole ikunyamuka m'mamawa. Aliyense nsalu yatsopano. Inu muli mzere wakutsogolo monga mwa nthawi zonse, musandichititse manyazi.”

Atachoka, Nasima anatenga nsalu ija n'kukagona. M'mawa anapinda mbali yopsayo kuti ikhale m'kati, anaigoneka pakhungu lenileni, natenga chingwe cha khonje. “Kokani,” anatero. Che Majidi anakoka. “Kokaninso.” Anakoka mpaka chingwe chinamira m'mnofu. Kenako Nasima anazunguliza nsalu yotsalayo pamwamba, nkhope ziwiri zabwino zili kunja, natuluka kukakwera lole.

Che Majidi anapita kusitediyamu wapansi, naima m'chikhamu pamalo oonera bwino. Amene anaonapo amayi akuvina akudziwa kuti chitenje sichikhala m'chiuno gule akakolera. Chimamasuka, ndipo mayi amangochitambasula poyera n'kumanganso, phazi likupondabe. Ng'oma zitalira, amayi anayamba kutero uku ndi uku. Nasima yekha sakanatha. Ankavina ndi dzanja lamanja lokha, lamanzere litakanirira m'chiuno, iye amene masiku onse anthu ankaloza kuti taonani uyo. Che Majidi anaona nsonga ya nsalu ikuyamba kulendewera, ndipo anayamba kutchula mayina a Mulungu onse amene ankawakumbukira.

Mayi Veronica anali kuyenda kutsogolo kwa mzere akukuwa kuti manja m'mwamba. Atafika pa Nasima anaima. Anawerama, nagwira nsonga ija kuti amumangire, zala zawo n'kulowa m'chiuno. Anakhalitsa chiweramire. Pafupi pomwepo panali anyamata a malaya ofiira atagwira zibonga. Che Majidi anafuna kuthawa. Kenako mayiwo anakoka nsalu mwamphamvu, anaisomeka, naweramuka n'kupitirira osacheuka.

Madzulo ake kunyumba chingwe chinakana kumasuka, mpaka anachidula ndi lezala. Chinasiya mkanda wa chilonda kuzungulira chiuno chonse, oilo wasakanikirana ndi magazi.

“Aona?” anafunsa Che Majidi.

“Aona. Chala chawo chinalowa pachibowo.”

“Ndiye anati chiyani?”

“Anati mangitsa, mwana wanga.” Nasima anawayang'ana koyamba chichokereni dzulo. “Inu munkafuna kudutsa pa Liwonde mwaulere. Wakulipirirani ndine.”

Nsaluyo anaisokerera m'kati mwa pilo, ndipo Che Majidi ankagonera pilo ameneyo zaka zonse zotsatira. Mayi Veronica sanatchulepo nkhaniyi ngakhale kamodzi, koma chete wawoyo sanapatse munthu mtendere. Akangopereka moni wautali pang'ono pamsika, Che Majidi ankabwerera kunyumba osagula kanthu. Landirova ikaima pamsewu wa kwawo, ankasiya kapu ya tiyi n'kuyamba kufunafuna nsapato. Anapitiriza kutenga alendo kupita nawo ku Mangochi, koma m'galimoto ankasunga chitenje cha maluwa chogula okha ku Limbe, ndipo pa rodibuloko ankatsika mofatsa n'kutsegula buti asanauzidwe.

Landirova ya iwo sinabwere. Chilonda chinapola. Koma kuyambira chaka chimenecho, ngakhale paukwati wa mwana wawo Hajara, pamene panalibe wachipani ndi mmodzi yemwe, Nasima ankavina dzanja lamanzere litakanirira m'chiuno. Anthu ankaseka kuti ndi kavinidwe kake katsopano, atsikana ena mpaka ankatengera. Che Majidi akaona dzanja limenelo ankanyamuka pampando n'kukaima kuseri kwa nyumba, kudikira kuti ng'oma zileke.